Njerwa za Pepala pa Khoma la ku Kanyama

Lolemba

Tili ana ku komboni ya George, amayi ankamata khoma ndi manyuzipepala akale. Guluu wake linali phala la ufa wa chinangwa. Ine ndinkagwira poto, iwo atakwera pampando. Masamba ena ankawamata chadodolido, choncho ndinaphunzira kuwerenga khosi litapendekeka. Pofika dzinja mphemvu zinali zitadya timu yonse ya mpira, kusiyako goloyi yekha.

Ndakumbukira zimenezi lero m'minibasi, nditakumbatira mipukutu ya pepala lomata pakhoma yomwe ndagula kumsika wa Kamwala. Lili ndi chithunzi cha njerwa zofiira. Wogulitsa akuti:

silifuna guluu, umangolisenda kumbuyo ngati nthochi;
siliopa madzi;
likada, umapukuta ndi kansalu;
ukatopa nalo limamatuka osasiya chipsera.

“Ni va manje manje, bosi.” Zamakono, ndiye kuti.

Cholinga: pabalaza pakongole. Akwawo kwa Mwansa, mnyamata amene akufuna kukwatira mwana wanga Esinati, akhala akupempha tsiku loti adzationekere. Nthumwi yawo, ba Chanda, yabwera kangapo. Yankho langa silisintha: ndiyambe ndakonza khoma.

Lachiwiri

Mzere woyamba. Kumbuyo kwa pepala kuli timizere tothandiza kudula mowongoka. Pepala ndi lowongoka. Khoma ayi. Zaka zonsezi ndakhala m'nyumba muno osadziwa kuti khoma langa lili ndi mimba.

Mpweya ukutsekeredwa mkati, matuza paliponse. Ndikuboola ndi singano, ndikusalaza ndi msana wa chipeso. Esinati akundigwirira mpando monga ndinkagwirira poto ija.

Ndikumata chithunzi cha njerwa pakhoma la mabuloko. Ndikudziwa.

Lachitatu

Njerwa za mzere wachiwiri zikukana kukumana ndi za woyamba. Kumatula, kumatanso, kumatulanso. Pofika pawindo zonse zikutsetsereka ngati zikupita kungalande.

Amake Boyd, a nyumba yoyandikana nafe, abwera kudzabwereka mbaula. Aima pakhomo, apendeketsa mutu.

“Ba Phiri, chipupa chanu chakolewa?”

Foni ya ba Chanda. Ndikuwauza kuti ntchito yatsala pang'ono. “Ise tifuna chabe siku, ba Phiri.” Ndikuwathokoza chifukwa cha kuleza mtima kwawo.

Lachinayi

Mvula.

Kuno ku Kanyama madzi sagwa kuchokera kumwamba kokha, amatumphukanso pansi n'kukwera m'makoma. Wogulitsa uja sananame: pepalali siliopa madzi. Likuwasunga bwinobwino kumbuyo kwake ngati thumba la pulasitiki. Njerwa zam'munsi zatupa. Ndaboola imodzi, yandilavulira.

Ndapukuta kutsogolo ndi kansalu. Kukuwala zedi.

Mphemvu imodzi yalowa pomwe mizere sinakumane, ina yaitsatira. Zapeza nyumba ya njerwa, zimene ine sindinakwanitse.

Lachisanu

Tikumwa tiyi mmawa, khoma likutsika lokha. Pang'onopang'ono, mwaulemu, kuyambira kudenga, mpaka kuvundikira tebulo, shuga ndi wayilesi.

Guluu alibe mlandu. Wagwira zolimba. Kungoti wagwira laimu, ndipo laimu wasiya khoma. Khirisimasi iliyonse ndimapaka laimu pamwamba pa laimu wa chaka chatha, monga amachitira aliyense m'komboni muno. Makhirisimasi onsewo agwa tsiku limodzi.

Zimene pepala lamata popanda vuto:
patapata yanga yakumanzere;
kalendala ya kutchalitchi;
mchira wa mphaka wa amake Boyd, yemwe wapita nayo njerwa kwawo.

Masana uthenga wa ba Chanda. Amalume ake a Mwansa, amene anachokera ku Kasama kudzayendetsa nkhaniyi, sangadikire mpaka kalekale, minda ikuwaitana. Akufunsa mwaulemu ngati kuchedwaku kuli kukana.

Esinati wawerenga uthengawo. Watuluka. Akukwecha mapoto omwe anatsuka kale.

Loweruka

Ndikumatula zotsala. Apa ndiye wogulitsa anaphonya: chipsera chilipo, khoma lonse.

Pansi pa laimu pakutuluka penti wobiriwira. Ndinamuiwala. Anapaka ndi malemu amake Esinati chaka chomwe tinalowa muno, atamanga duku, akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu. Penti sanakwane, ndiye chakudenga anangosiya, amvekere alendo sayang'ana kumwamba.

Chakumunsi, pofika m'bondo langa, pali chithunzi cha kilayoni chimene Esinati anajambula ali kamwana. Munthu wa miyendo yaitali, mutu ngati dzungu, akugwira dzanja kamunthu kakang'ono. Ndikukumbuka kuti ndinakalipa tsiku limenelo. Amake anandiletsa kufufuta. Laimu ndinayamba kupaka iwo atapita.

Ndakhala pansi, chopalira chili m'manja. Tiyi wazizira.

Esinati waima kumbuyo kwanga. Kenako:

“Badadi, sibabwela kukwatila chipupa.”

Ndikumuuza kuti pangatsale laimu wa chaka chino, ndipake kaye, aume, ndione ngati...

“Badadi.”



Lamulungu

Mpukutu umodzi watsala. Esinati waumata pachitseko cha filiji. Wagona bwino, wopanda thuza ngakhale limodzi. Tili ndi filiji ya njerwa tsopano. Amake Boyd akuti akufuna yotero.

Khoma lili momwemo: kobiriwira, kotuwa, konyowa m'munsi. Laimu sindinagule.

Potuluka m'tchalitchi ndawaimbira ba Chanda ndisanafike n'kunyumba komwe, kuopa kuti ndingaone chinanso chofunika kukonza. Denga, mwachitsanzo. Akuseka pafoni, akuitana munthu wina m'Chibemba.

Abwera Loweruka likudzali, masana, ndi amalume a ku Kasama.

Esinati akuimba kukhitchini. Mawu a nyimboyo akulakwitsa.

Ndakonza mipando kuti alendo adzakhale chofulatira khoma. Ndaima pakhomo, ndayang'ana. Kenako ndaitembenuza. Adzaone kamunthu kamene akudzatenga, ndi dzanja limene kakugwira.