Zikomo Bwana, Kamera Yanu Yandipezera Chibwenzi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Diso Losaphethira.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada, ngakhale simukundiona. Pepani kuti munthu wamba ngati ine, telala wosokera pakhonde, ndikukusokonezani pa ntchito zanu zikuluzikulu. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa kuthokoza kwanga sikungakwane mu envulopu. Mukaona zilembo zina zapendama musadabwe, ndikulemba uku nditagwira nthiti.

Kamera yanu yozindikira nkhope inabwera kwathu ngati mphatso. Anatigulira ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga, mayi wachikondi kwambiri amene sagona asanadziwe kuti kwa mchimwene wawo kwalowa ndani. Mmisiri wanu anaikhomera pamwamba pa khonde moyang'ana kugeti, n'kutijambula nkhope, ine, alamuwo ndi bambo a kunyumba, bambowo ali ndi ndevu zawo zimene anazisunga zaka makumi awiri. Mmisiriyo anati munthu akangolowa, kamera izitumiza uthenga wonena kuti wabwera ndi uje. Foni yolandira mauthengawo inakhala ya alamu anga, poti ogula ndi iwowo, komanso yangayi ndi ya mabatani.

Kwa milungu itatu zonse zinali myaa. Kenako bambo anapeza ntchito yophika buledi, ndipo abwana awo atsopano anati ndevu ndi ufa siziyendera limodzi. Anameta. Ineyo ndinawazindikira atangotsokomola. Kamera yanu, yomwe ndi yophunzira kuposa ine, inaona zina. Ndiloleni tsono ndiyale mathokozo anga mwadongosolo.

Choyamba, zikomo pondipezera chibwenzi. Pa msinkhu wangawu, maondo akulira ngati chitseko chopanda mafuta, ndinali nditaiwala kuti ndingaganiziridwe zoterozo. Koma tsiku lililonse alamu anga anayamba kulandira uthenga wakuti, "Mwamuna wachilendo walowa pageti." Chithunzi chinkabwera nawo limodzi. Geti lathu linayang'ana kolowera dzuwa, choncho masana munthu akamalowa dzuwa limakhala kumbuyo kwake, ndipo pachithunzipo pankangooneka chimthunzi cha mwamuna wa chipewa, nkhope bii. Akulowa mosagogoda, Bwana, ngati pakhomo pake!

Chachiwiri, ndithokoze wotchi imene munaika m'kameramo. Inatsalira ndi maola awiri, mwina ikutsatirabe nthawi ya kumene inapangidwira, ndipo kukhulupirika kotero n'kosowa masiku ano. Bambo amafika pakhomo 4 koloko masana. Uthenga unkati mlendo walowa 2 koloko, nthawi imene iwo amakhala akukanda ufa kuntchito. Alamu anga anasonkhanitsa zithunzi zisanu ndi chimodzi, napita nazo mpaka kophikira buledi kuja, n'kukawanong'oneza mchimwene wawo kuseri kwa uvuni.

Tsiku limenelo bambo anabwera osandipatsa moni. Anakhala pampando, nandiyalira zithunzizo zimene alamu anawatumizira pafoni. "Ndani ameneyu?" Ndinayang'anitsitsa, n'kunena kuti munthuyo sindikumuona bwino, koma malayawo ndi awo, ndinasoka ndekha, kolala yake ndikuidziwa. Ndinkaganiza kuti ndathetsa nkhani. Iwo anagwira kumutu. "Mpaka mukumuveka malaya anga?" Kenako anayamba kumunyoza mlendoyo, kuti taonani kayendedwe kake ngati bakha, taonani chimimba, mkazi wanzeru angakopeke bwanji ndi chinthu chotere. Ndinaseka mpaka kugwetsa mapini, ndipo kusekako kunawerengedwa ngati umboni.

Chachitatu, zikomo powaphunzitsa amuna anga ntchito ya ulonda popanda kupita kusukulu. Mawa lake ananamizira mutu kuntchito, nafika pakhomo 2 koloko kuti amugwire munthuyo. Analowa monyang'ama n'kukabisala kuseri kwa thanki ya madzi, mpini wa mopu uli m'manja. Ine ndili pamakina ndikusoka, ndikungoona nsapato zawo zikusuzumira pansi pa thanki. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, nyerere zikuwachita zofuna zawo. Palibe anabwera. Madzulo alamu anaimba kuti lero mlendo walowa 12 koloko. "Wachenjera, wasintha nthawi," anatero bambo. Tsiku lotsatira anafika 12 koloko. Uthenga unati mlendo walowa 10 koloko. Bwana, akanapitiriza, bwenzi akubisala asanadzuke. Abwana awo anawauza kuti mutu umenewu ukadzawawanso kamodzi, akauchizire kunyumba mpaka kalekale.

Pano ndisiye kaye kuseka, kuti musaganize kuti zonse zinali masewera. Masiku asanu amuna anga sanadye chimene ndaphika. Munthu amene ndinamudwazika miyezi itatu atathyoka mwendo ankandiyang'ana ngati wandipeza pamsewu. Makasitomala awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, poti nkhani inali itazungulira kale. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuipukuta fumbi. Sindinaikemo kanthu, koma ndinaipukuta.

Loweruka alamu anabwera ndi amalume awo kuti nkhani ikambidwe. Tinakhala pabalaza, aliyense nkhope ili gwa. Alamu anayamba kuwerenga masiku ndi maola ngati wapolisi. Ine ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti bambo atuluke panja pa geti, avale chipewa chawo, alowenso. Ananyinyirika, koma amalume anati apite. Geti linalira. Foni ya alamu, imene inali pathebulo pakati pathu, inati ntiii. Amalume ndiwo anaitola, navala magalasi, n'kuwerenga mokweza: "Mwamuna wachilendo walowa pageti." Nthawi yomweyo mwamuna wachilendoyo anatulukira pakhomo, akupukuta nsapato, kayendedwe kake kabakha komwe kaja. Amalume anaseka mpaka tinawamwetsa madzi. Alamu anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya mpopi wosatseka kwawo. Bambo anangoima pakhomopo atagwira chipewa, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mumphika mwatsala kanthu. Munali mutatsala, ndipo ndinawagawira kambirimbiri.

Chachinayi, ndithokoze mtsikana wanu woyankha mafoni a makasitomala. Ndi waulemu zedi, ndipo nyimbo imene anandiikira podikira ndaiphunzira yonse, ndimaiimba ndikamasita. Anati tizimitse kamera n'kuiyatsanso. Tinatero. Anati tipukute galasi lake ndi kansalu kofewa. Nsalu zofewa kwa telala si vuto, ndinakwera pampando n'kulipukuta mpaka ndinadziona. Anati tione ngati intaneti ikufika bwino pakhonde. Tinasamutsa kabokosi kake n'kukaika pawindo. Anati kamera isayang'anizane ndi dzuwa. Ndinamufunsa kuti pakati pa geti ndi dzuwa tisunthe chiti, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti funso langa alipereka kwa akuluakulu. Ndikhulupirira kuti lakufikani.

Pomaliza anati tilembetsenso nkhope ya bambo. Munthu wamkulu anaima pageti, kutembenukira kumanja, kumanzere, kuyang'ana kumwamba, kumwetulira, kuleka kumwetulira, aneba atatsamira mpanda akuwalangiza mbali imene akuoneka bwino. Kamera inaganizira kwa kanthawi, kenako inagamula kuti munthu ameneyu ikumudziwa: ndi alamu anga. Sitinadziwe kuti pansi pa ndevu zonse zija panali nkhope ya achemwali awo yeniyeni. Tsopano alamu amakhala ali muofesi mwawo, foni n'kuwauza kuti iwowo alowa pageti pathu atanyamula buledi. Anandiimbira kuti zimenezi zikuwachititsa chizungulire. Ndinawauza kuti asadandaule, akatuluka tiziwadziwitsa.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chandifewetsa mtima, zikomo chifukwa cha ulemu umene kamera yanu imapereka kwa alendo. Lachiwiri lapitali ndinathamangira kumsika kukagula ulusi, geti ndinangolikankha. M'mawa kunja kukuwala chonchi, kunalowa mkulu wina wandevu zambiri amene sitinamuonepo chibadwire. Anachotsa pachingwe madiresi atatu a makasitomala, nakwera njinga ya bambo, n'kutuluka mosathamanga. Kamera yanu inatumiza uthenga wachisangalalo: "Bambo afika kunyumba." Alamu atauona anati bola, zinthu zakonzeka. Mkuluyu chithunzi chake chinatuluka bwino kwambiri, m'mawa dzuwa likuwala kumaso, mano onse akuoneka. Apolisi atifunsa dzina lake, ndipo tawauza kuti malinga ndi kamera, ndi amuna anga.

Musandione ngati wosayamika, Bwana. Kale tinkangoti tikamva geti, n'kusuzumira pawindo, n'kudziwa wabwera. Tinali anthu otsalira. Lero tili ndi bambo wa pakhomo amene sitikudziwa kumene amakhala, alamu amene amabwera tsiku lililonse osabwera, ndi ine amene ndakhala pachibwenzi chobisa ndi mwamuna wanga yemwe. Banja lathu silinakhalepo lalikulu chonchi.

Tsono ndili ndi kapempho kamodzi, kakang'ono, ndipo ndikukapereka ndi manja awiri. Chinthu chabwino chotere sichiyenera kuthera pakhonde la telala. Tumizani mmisiri wanu adzaichotse kamerayi, ndaisokera kale kathumba kokongola. Akaikhomere pageti la kunyumba kwanu. Mauthenga ake muwalumikize ku foni ya apongozi anu aakazi, osati yanu. Mukatero, Bwana wanga, mudzangosintha kametedwe pang'ono, kapena kugula magalasi atsopano, n'kumapita kuntchito monga mwa masiku onse. Pakatha sabata imodzi mudzandilembere, mundiuze kumene mukugona.

Ndine wanu wogwada mpaka maondo kuchita zipsera,

Mayi Telala,
mkazi wa Mwamuna Wachilendo.