Tsiku lomwe ndinagwada pa mlatho wa ku Venice

Nkhani iyi mkazi wanga Eneless akuti ndiikwirire, koma anzanga akuifotokoza kale mowonjezera mchere. Bola manyazi anga ndiwaulule ndekha.

Ine ndine security guard pa ofesi ina ku Al Mirqab, kuno ku Doha. Eneless amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Waab ndipo amagona komweko kwa madam wake. Ine ndimagona ku accommodation ya kampani, chipinda chimodzi amuna tho, mabedi osanjikizana. Koma apongozi anga ku Mponela ankadziwa kuti mkamwini wawo amakhala mu "apartment". Sindinaname kwenikweni, ndinangosiya kufotokoza.

Mng'ono wake wa Eneless, Memory, ankakwatiwa Loweruka. Tinapempha leave, madam anakana, kampani yanga inakananso. Apongozi anavomera mokoka khosi. Eneless sabata yonse maso anali ofiira, nkhawa yake inali yoti mayi ake aziganiza kuti sanafune dala kupita.

Lachisanu tonse tinali off, ndiye ndinati ndimupepese mtima.

"Mayi a Tadala, tchenani. Lero ndikupititsani ku Italy."

"Pa visa iti?"

"Yalla, tiyeni, muona konko!"

Mnzanga wina, driver, anali atandiuza kuti ku The Pearl kuli dera lomwe analimanga motengera mzinda wa Venice. Ndinkaganiza kuti akukokomeza. Titatsika taxi n'kukhota kanjira kamodzi, ndinangoima kukamwa yasa!

Abale, dziko lili ndi zinthu. Nyumba zapinki, zachikasu, zobiriwira, zitandandalikana m'mbali mwa madzi, maluwa akulendewera m'mazenera. Pomwe payenera kukhala msewu panali ngalande ya madzi oyera mbee, mabwato akudutsa mwakachetechete. Fumbi kunalibe, hutala kunalibe. Tinayenda wapansi m'tinjira ta miyala, tikawoloka kamlatho aka n'kupeza kena kokongola kuposa koyamba. Tinapezanso masitepe oti ukaponda amalira ngati piyano. Ine bambo wamkulu ndinakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mpaka Eneless anandikoka malaya. Kunena zoona, mtima wanga unadzaza. Sindinkadziwa kuti manja a anthu angapange malo otere.

Tsono ine ndikagoma ndi chinthu ndimasanduka mphunzitsi.

"Mlatho waukulu uwo anamanga ndi Aroma, kalekale," ndinatero.

"Nanga penti ikununkhabe bwanji?"

"Aroma ankagula penti yabwino."

Eneless anaseka, koyamba sabata yonseyo. Tinakwera pamlathowo n'kudzijambula, masaya ogundana. Iye anandichenjeza bwinobwino kuti, "Bambo a Tadala, musaike paliponse chithunzichi. Kumudzi ali pakalikiliki wa ukwati."

Ndinavomera ndi mutu, koma chala chinali kale pa status. Ndinalemba kuti: "Moni kuchokera ku Venice, Italy. Mulungu ndi wabwino!" Ndinkafuna kupsetsa mtima anzanga omwe anali pa duty. Ndinaiwala kuti apongozi ali ndi foni ya touch, yomwe ndinawagulira ndekha.

Tisanatsike n'komwe pamlathopo, foni ya Eneless inalira. Video call. Pa screen panali apongozi, pambali pawo amalume ake a Eneless, a Lufeyo, omwenso ndi ankhoswe athu.

"Eneless," anatero apongozi, mawu ali ziii, "leave ya ukwati wa mng'ono wako inakanika, koma ya ku Italy inatheka?"

"Amayi, tili ku Doha konkuno!"

"Doha wake uti wa madzi m'misewu? Suja unkati kumeneko ndi mchenga wokhawokha?"

Eneless anatembenuza kamera kuti awaonetse Qatar. Kumanja kunali ngalande. Kumanzere kunali bwato. Kumbuyo kunali mzungu akudya pizza.

"Ali kuti akamwiniwo?" anafunsa a Lufeyo.

Apa ndiye panalakwika. Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ali chiimire, ndipo sawayang'ana m'maso. Thupi langa silinafunse kuti tili dziko liti. Ndinangoti gwa, kugwada pamaso pa foni, mutu pansi, manja pamodzi. Koma foniyo anaigwira ndi Eneless. Ndiye aliyense wodutsa ankaona mwamuna wovala shati yoyera atagwadira mkazi pakati pa mlatho wa Venice.

Anthu anaima. Mafoni anatuluka m'matumba. Mayi wina wachizungu anagwira pamtima, misozi ili mbwe. Waiter wa pa cafe anathamanga ndi duwa lofiira n'kundipanikiza nalo m'manja.

"Say yes, madam! Say yes!"

Woyendetsa bwato pansi pa mlatho anakuwa, "Bravo! Bellissima!"

"Icho!" anatero apongozi. "Chitaliyana chenicheni! Bambo mfumu athu akale ku parishi ankalankhula choncho tikaimba bwino."

"Akamwini," anatero a Lufeyo, "duwalo ndi la chiyani? Mukumangitsa ukwati wina ku Italy popanda ankhoswe?"

"Ayi, amalume, ndikungopereka ulemu..."

Anthu anayamba kuwomba m'manja mwa kayendedwe kamodzi. Eneless, pofuna kuwauza kuti sizimene akuganizazo, anakupiza dzanja n'kukuwa, "No! No, no, no!"

Mlatho wonse unati, "Ooooh!"

Ine kudzuka sindikanatha, apongozi anali asanamalize kulankhula. Ndinakhalabe chogwada, duwa m'manja, ngati mbuzi yodikira wogula. Mayi wachizungu uja anabwera n'kundisisita paphewa.

"You will find another one, my dear."

"Akuti chiyani ameneyo?" anafunsa apongozi.

Kenako apongozi anati, "Eneless, ukanangondiuza kuti sukufuna kubwera. Mawa usavutike n'kuimba, sangalala ndi Italy wako." Foni inaduka.

Ndinayang'ana mkazi wanga. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangokhala pa sitepe, foni pamwendo, misozi ikutsika. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chimene ankachiopa sabata yonse ndinachibweretsa ine ndi chala chimodzi.

Ndinadziwa kuti ku Doha konse kuli malo amodzi okha omwe munthu sangawasokoneze ndi Italy.

"Khalas, basi," ndinatero. "Tiyeni ku accommodation."

Akazi saloledwa kulowa, choncho Eneless anatsala pa geti. Ine ndinalowa m'chipinda mwathu n'kuimbira a Lufeyo pa video. Ndinagwadanso, ulendo uno pakati pa nsapato za anthu, n'kuyendetsa kamera pang'onopang'ono. Ndinawaonetsa mabedi osanjikizana. Ndinawaonetsa masokosi atayanikidwa pa chingwe chodutsa pamwamba pa mutu wanga, mayunifomu pa misomali, ndi mnzanga wa ku Nepal akuliza nkonono mwendo uli lende kuchokera pa bedi lam'mwamba. Wina anatulukira kuchokera kosamba atamanga thaulo, n'kupereka moni kwa apongozi anga mwaulemu wonse.



"Funsani akamwiniwo," anatero apongozi kwa a Lufeyo, "apartment ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, mayi," ndinayankha, maso pansi.

"Nanga bedi lawo ndi liti?"

"Lapansili, mayi. Pansi pa mwendowu."

Ndinamva apongozi akupuma mozama. "Kamuuzeni mwana wanga kuti ndalakwa ndine. Mawa aike foni pa charge, aonera ukwati wonse kuyambira ku tchalitchi mpaka pelekanipelekani."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkati ndithokoze, koma a Lufeyo anasendeza nkhope pafupi ndi kamera, akuyang'anitsitsa masokosi aja.

"Akamwini, takhulupirira, muli ku Doha. Koma chonde, ngati n'kotheka, bwererani ku Italy kuja!"

Masiku ano ndisanaike chilichonse pa status, ndimayamba ndafufuza ngati apongozi ali ndi bundle.