Miphika Yokhota ya a Deolinda

Pa Zobue panalibe munthu wosadziwa kuti a Deolinda, mayi oumba mbiya aja, chibadwire sanaumbepo chinthu chowongoka. Mtsuko wawo unkaima chopendekeka ngati bambo wochokera ku kachasu. Wogula akadandaula kuti madzi akutayika, iwo ankangoti, "Nanga mukudzaziranji? Umbombo basi!" Munthu n'kumapita akuseka, madzi akumuyenderera m'khosi.

Nkhondo itatha, anthu pobwerako ku Malawi anapeza khoma la sukulu lili mabowo okhaokha a zipolopolo. Bungwe lina la ku Moatize linatumiza simenti kuti ana aumbe mapale adongo osonyeza ufulu wachibadwidwe, awamate pakhomapo. Ntchitoyi inagwera mphunzitsi Adriano, munthu wofatsa amene dongo ankangolidziwira kunsapato. Anapita kwa a Deolinda chipewa chili m'manja.

"Amayi, mutithandize kuphunzitsa ana madireito."

"Direito? Ine?" Anaseka mpaka kutsokomola. "A pulofesola, mwasochera khomo. Direito amaidziwa ndi madalaivala awa: ‘Tete direito’, osakhota. Ine taonani miphika yanga!"

Adriano anafotokoza kuti m'Chipwitikizi mawuwo ali pawiri: kuwongoka, komanso ufulu umene munthu amabadwa nawo.

"Apwitikizi kuumira mpaka mawu omwe," anatero mayiwo, akutenga khasu lokumbira dongo.

Kuyambira pamenepo Adriano anasanduka mlendo m'kalasi mwake momwe. Iye akati mwana aliyense asankhe ufulu umodzi, a Deolinda ankavomereza chilichonse. Wina anaumba mbuzi, ati ufulu wokhala ndi mbuzi. Wina anaumba agogo ake ali gone pamkeka, ati ufulu wopuma. Adriano akati zimenezo m'malamulo mulibe, mayiwo ankati, "Ziikenimo. Kodi mwadzaza?" Mwana aliyense akamaliza ankadinda dzanja lake paphalepo. Mapale onse ankatuluka m'moto okhota ngati kuti anapangana.

Tsiku lina kamtsikana kena, Elvira, kanagwetsa phale pansi, phwa! A Deolinda anathyola kamtengo pomwepo.

"Amayi, pepani," Adriano analowa pakati, "phale limenelo likunena kuti mwana asamenyedwe."

"Likunena bwanji poti waliswa?"

Ana anafa nazo nseko, Elvira yemwe akuseka misozi ili chuchuchu. Kamtengo kaja kanathera kusonkhezera moto wowotchera mapale.

Khoma linadzaza, koma pakati penipeni panatsala malo a phale limodzi, bowo la chipolopolo lili poyera. Alendo a ku Moatize anali pafupi kubwera, ndipo Adriano anasowa mtendere. Anakawapeza mayiwo kuseri kwa nyumba yawo akuwaza madzi pa phale losaotcha, lopanda chojambula chilichonse, lofunditsidwa masamba a nthochi.

"Limeneli ndi la Violeta," anatero asanafunsidwe.

Violeta anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Tsiku lothawira ku Malawi dzanja lake linawapulumuka m'chipwirikiti, ndipo chionere chinali chomwecho.

"Anzake onse adinda manja awo pamapale. Nayenso adzadinda lake. Likauma adzadinda pati?"

"Amayi, alendo akaona bowo..."

"Si inu munauza ana kuti pali direito yobwerera kwanu? Ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye akubwera. Ndipo poti ndi direito, sakhotanso panjira."

Adriano anagwira njakata. Akanawauza bwanji kuti ufulu sunyamula munthu n'kukamutula pakhomo? Anabwerera kusukulu wopanda phale. Alendo atafika anafunsa za bowolo, a Deolinda n'kuyankha kuti ndi lopumira khoma. Mkulu wa alendowo anagwedeza mutu, nati ndi luso lozama.

Zaka zinapita. Galimoto iliyonse ikaima pa malire, mayiwo ankasiya dongo m'manja n'kukasuzumira otsika. Madalaivala ankati akusaka mwamuna. "Wowongoka yekha," ankayankha, "ndiye inu nonse mwalephera." Akabwerako, ankawaza phale lija madzi.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chifuwa chitawavuta masiku ochepa chabe. Pamaliro anthu ankalira n'kumasekanso, chifukwa madzi osambira m'manja anabwera m'mitsuko yawo yomwe, ndipo theka lake linathera panjira. Adriano anatenga phale lija n'kukaliika kuseri kwa kalasi. Kuliotcha sakanatha, kulitaya ndiye ayi. Anangoyamba kuliwaza madzi m'mawa uliwonse, iye amene ankadziwa bwino lomwe kuti palibe akubwera.

Masiku ano pamsika miphika ndi yachitsulo, yowongoka yokhayokha, ndipo palibe amene amaseka poigula. Ana atsopano amaloza mbuzi yapakhoma n'kufunsa kuti ndi ufulu wanji. Adriano amayankha zonse, koma akafika pa bowo lapakati lija amangoti, "Tiyeni tilowe m'kalasi."

Chaka china m'chilimwe anamuitana kumsonkhano ku Moatize, ndipo anakachedwako. Pobwera anathamangira kuseri kwa kalasi chikwama chili m'manja. Masamba a nthochi anali ouma gwa. Phale linali litang'aluka pakati, mng'alu wake wokhota ngati zonse za mayiwo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anapita kukatunga madzi.