Timapiritsi ta mu Envulopu ya Khaki

Anzanga, inu mumandidziwa kuti ine Amidu sindipusitsidwa wamba. Zaka zonsezi ndakhala ndikupikula nsomba ku Chiuta n'kumagulitsa kuno ku Nkaya, ndipo ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuti wogulitsa akakumwetulira, pisa dzanja pansi pa dengu, chifukwa zikuluzikulu amayala pamwamba. Ndiye khalidwe limenelo ndinapita nalo mpaka kuchipatala, ndipo n'kumene linakandigwetsa.

Ine ndili ndi BP. Mankhwala ndimatenga mwezi ndi mwezi pa kachipatala kena kolipira ku Balaka. Dongosolo lake n'losavuta: akatsala a masiku atatu umatumiza uthenga pafoni, adokotala amasaina, anamwino amalongedza mu envulopu ya khaki, iwe umangopita ndi kabuku kako kukatenga. Mwezi umenewo ndinali ndi katundu wambiri pamsika, ndiye ndinatuma akazi anga, mayi a Shakira, poti nawonso anali ndi zawo zokatenga komweko. Pobwera anapeza uthenga woti azakhali awo amwalira kwa Kawinga. Anangoti, "Anu ndaika pawindo," n'kunyamula chikwama, ulendo. Foni tili nayo imodzi, ndipo inatsala ndi ine.

M'mawa mwake ndinang'amba envulopu ija, pepalalo n'kuyatsira mbaula. Kuwerenga? Ndiwerengerenji mankhwala anga omwe? Koma nditayang'ana zimene zinali mkatimo, mtima unayamba kukana. Anga ndimawadziwa, oyera, aakulu ngati khobwe. Awa anali timapiritsi ting'onoting'ono ngati njere za mapira, tondanda m'mizere, ndi timivi tolozera uku ndi uku, kumapeto kwake mzere wina wofiirira.

Ndinati eya, zayambika. Ndinakumbukira kuti mwezi wathawo pawindo lotengera mankhwala panali namwino watsopano, wansangala mopitirira muyeso. Munthu angamasekerere chiyani pantchito, tsiku lonse, ngati palibe chimene akudyapo? Ndinaona kuti enieniwo akugulitsa kuseri, ife akumudzi n'kumatipatsa zinyenyeswa.

Komabe ndinamwa, kuti ndikawagwire ndi umboni. Kamodzi kanangosowa palilime, osamva n'komwe kuti ndameza kanthu, ndiye ndinayerekeza kuti titatu ndiye tingafanane ndi limodzi langa lija. Titatu m'mawa uliwonse. Pofika tsiku lachinayi mutu ukugunda chakunkhongo kuno, nseru osaneneka, fungo la nsomba zanga zomwe likundinyansa, ine munthu woti ndinakulira pathandala poyanika nsomba.

Ndinakawaonetsa a Twaibu, anzanga amene amakonza njinga pafupi ndi siteshoni. Iwo anapukuta girizi m'manja, kukatembenuza kapaketiko, kukayang'anitsa padzuwa, kenako n'kutsitsa mawu. "Achimwene, ichi ndi choko. Ndinamva kuti amachita kuumba."

Kodi wokonza njinga angadziwe chiyani za mankhwala? Funso limenelo ndikufunsa lero. Tsikulo ndinkawaona ngati dokotala wamkulu.

Nthawi yomweyo foni inali itayamba kulira ndi nambala yachilendo, m'mawa, masana, kangapo patsiku. Ine nambala yachilendo sindiyankha, akuba achuluka. A Twaibu anati, "Ndi omwewo. Amva kuti mwawatulukira, akufuna akutsekeni pakamwa." Ndinaitsekera kunja nambalayo. Lachisanu potuluka mumzikiti ndinali nditachenjeza kale aliyense wondipatsa moni kuti asadzapondeko pachipatala chimene chija.

Lolemba ndinavala mkanjo wanga wa pa Idi, mzuli kumutu, n'kukwera njinga yamoto wa ku Balaka. M'kapaketi muja munali mutangotsala mzere wofiirira uja. Foni ndinaiika m'thumba la pachifuwa ikujambula mawu, monga anandilangizira a Twaibu.

Ndinapeza mabenchi ali odzaza, ambiri amayi, poti linali tsiku la sikelo. Sindinakhale pamzere. Ndinaima pakatikati, kukhosomola, kapaketi m'mwamba. "Pepani amayi ndi abambo, musanalandire kanthu pano muyambe mwaona izi. Awa ndiwo mankhwala amene andipatsa ine. Sabata yathunthu ndikumwa."

Mayi wina wobereka mwana anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Wina anaweramira pansi, mapewa akugwedezeka. Ine mumtima ndinati mwaona, akulira, nawonso anaberedwa. Ndiye ndinawonjezera mphamvu, kufotokoza za nseru, za mutu, za choko.

Namwino uja anatuluka, kuyang'ana kapaketiko, kundiyang'ana ine. Kwa nthawi yoyamba sanamwetulire. "Bambo Amidu, tiyeni mkati tikakambirane."

"Iyayi. Mkatimo ndi momwe mumathera nkhani. Munene pompano, anthu amve."

"Chonde bambo, ndi nkhani ya awiri."

"Ndakana."

Anapumira m'mwamba. "Mwamwa angati?"

"Onse asowawo. Titatu titatu, ndipo palibe chimene achita."

Apo ndiye benchi lonse linaphulika, ena mpaka kugwirana. Namwino anasendera pafupi n'kundinong'oneza m'khutu, mwaulemu wake, kuti ena asamve. Koma ine, m'malo mongomeza, ndinabwereza mokweza ngati ndikuitana kasitomala: "Akulera?"

Mayi wobereka mwana uja anati, akupukuta misozi, "Musadandaule bambo, chaka chino mimba simutenga."

Mkati muja, momwe ndimakana mommuja, ndinalowa ndekha osakankhidwa. Namwino anatsegula kaundula n'kundionetsa: maenvulopu awiri, yanga ndi ya mayi a Shakira, onse anasainira akazi angawo. Anati iliyonse inalembedwa dzina lonse, zilembo zikuluzikulu. "Envulopuyo ili kuti, tione?"

"Ndinayatsira moto."

Namwinoyo anangondimanga lamba woyezera BP pamkono, ndipo ataona manambala anakaitana adokotala. Adokotalawo sanaseke ngakhale pang'ono. Anati sabata yathunthu popanda mankhwala anga, n'kumamwanso a eni ake mowirikiza, ndikanatha kugwa pamsika n'kufa ziwalo. Anandigoneka pabedi mpaka masana, mkanjo wa pa Idi uli makwinyamakwinya, mzuli pachifuwa. Amene anandibweretsera madzi ndi mankhwala enieni, n'kumabwera kudzandiyeza mobwerezabwereza, ndi namwino yemwe uja ndinamuyesa wakuba. Ndinapepesa, koma mawu ankatuluka ngati a mwana wa nkhuku.

Foni ija, anzanga, ndinaiwala kuzimitsa. Nditafika ku Nkaya a Twaibu anandichingamira n'kuti, "Bweretsani umboni." Ndisanaganize bwino anali atailanda kale, n'kuisewera pamaso pa akabaza onse a pasiteshoni. Mpaka lero ndikamadutsa, wina amakuwa chapatali, "Akulera?"

Mayi a Shakira anabwera Lachitatu, envulopu yanga ili m'manja. Anati anaitsegula atafika kumaliro, n'kuzindikira kuti pothamanga paja anasinthanitsa. "Ndakuimbirani pafoni ya achimwene anga masiku onsewa. Bwanji simumayankha?"

Ndinayang'ana kudenga.

"Nanga anga ali kuti?"

"Ndinamaliza."

Anangokhala pansi pakhonde n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati akatenga ena Loweruka. Loweruka kunagwa mvula, msewu osadutsika. Loweruka linalo kunali sadaka ya azakhali aja. Ife tinali titagwirizana kuti ana asanu akwana, tapuma. Koma inu nomwe munabwera kudzaona khanda chaka chathachi, wachisanu ndi chimodzi, mnyamata wonenepa bwino.

Tsiku limene ndinapita kukawaona kuchipatala atachira, mayi a Shakira anandipatsira mwanayo m'manja, anamwino ndi apongozi ali pomwepo, n'kunena mofatsa, "Munyamuleni, bambo. Paja inu kulera munayamba kale."

Ndinalumbira tsiku lomwelo, mwana ali m'manja: mankhwala anga ndizikatenga ndekha, ndiziwerenga dzina langa pawindo pomwepo ngati mwana wa sitandade wani, ndipo a Twaibu ndiziwafunsa za matayala basi.