Tsiku limene ndinakathyola buku pa intaneti

Inu akabaza, sekani, koma amene akuti Namakhwa ndi wabodza abwere agwire phewa langali, aone pamene lamba wa dengu anadya mnofu tsiku limene ndinakathyola buku pa intaneti.

Mdzukulu wanga Esnati, woyamba pamtundu pathu kufika ku yunivesite, anabwera ku esiteti maso ali psuu. Ankafufuza za kachilombo koboola nsonga za tiyi, ndipo buku lomwe ankalifuna linali mufoni, koma lotsekedwa ndi loko. "Agogo," akutero, "eni ake akuti popanda chilolezo chawo munthu sangawerenge. Ndikapanda kulipeza ndalephera, ndibwerera kudzathyola tiyi." Mtima unandiwawa. Ine ndinapindika msana m'munda kuti iyeyo asadzagwire dengu, ndiye loko wa munthu amene sanapondepo ku Thyolo andibwezere mwana kumunda? Ndinakana.

M'mawa mwake ndinadya kalongonda mphika wathunthu, dengu kumsana, n'kukwera nsanja ya netiweki ya pa Luchenza ija, ndipo nsanja itatha ndinaponda pa chiperoni, pakuti chifunga cha chaka chimenecho chinali cholimba ngati chigumu, ndinayenda pamwamba pake phiri la Mulanje lili kunsi kwa chidendene changa, mpaka ndinapeza kabowo kolowera mauthenga, ndinadzipinda n'kulowa limodzi ndi moni wa mayi wina wa ku Kapichi wopita kwa amuna ake ku Joni. Mukumva?

M'katimo ndi esiteti, anyamata. Mabuku obzalidwa m'mizere mpaka kosaoneka, ena pamtetete aliyense akungothyola, koma ambiri ali mumpanda wa waya, pageti pali loko wamkulu ngati thirakitala. Mlonda wake, wa maso kutsogolo ndi kumbuyo komwe, anandifunsa mawu achinsinsi, ine n'kumulonjera mu Chilomwe, makina ake onse anabalalika kufunafuna tanthauzo, utsi uli tolotolo, ndipo ali mkati motsokomola ndinakanda loko uja ndi chikhadabo ichi, chimene tiyi anachiumitsa, loko n'kusweka pakati.

Ndiye kuthyola kwake. Manja ankathamanga mpaka mphepo yake inasasula madenga kwa Mphuka, dengu linadzaza, ndinapondereza ndi phazi, linadzazanso, kenako ndinatsika ndi mvula ya masana n'kugwera pakhonde panga, ndi kukhuthulira zonse mufoni ya Esnati.

Mwana anayang'ana, anayang'ananso, misozi ili mbwembwembwe. "Agogo, m'buku lililonse mwangotenga mizere iwiri yapamwamba. Nanga zapansi zili kuti?"

Ine ndikanatani? Moyo wanga wonse akapitawo ankandikalipira kuti wothyola weniweni amatenga nsonga zanthete zokha, zokhwima zapansi kusikelo amakubwezera. Manja anachita zimene anaphunzira. Ndipo poti chothyoledwa chimaphukanso, mpaka lero buku lililonse lotsekedwa limaonetsa nsonga yake kwaulere. Ndi ntchito yanga imeneyo, ngakhale palibe anandithokozapo.

Ndinanyamula chikwanje chodulira tiyi kuti ndibwerere ndikagwetse ndi tsinde lomwe, koma Esnati anandigwira mkono, akuti zosowazo akazifufuza yekha. Analowadi m'munda dzinja lonse, osati ndi dengu koma ndi kagalasi koonera tizilombo, ndipo anakhoza. Buku lake analiika pa intaneti pomwepo, kunja kwa mpanda, dzina lake pamwamba, loko palibe, kuti mwana wa wothyola tiyi aliyense awerenge.

Mukuti bodza? Tsegulani mafoni anuwo, mulipeza. Mukalipeza, mmodzi atsamiritse njinga yake akhale pabenchi pano, andiwerengere pang'onopang'ono kuyambira pamwamba mpaka pansi penipeni, chifukwa ine Namakhwa, amene ndinaswa loko wa intaneti, zilembo sindizidziwa, ndipo Esnati ndinamuuza kuti ndinalimaliza kalekale.