Chipinda cha Makompyuta Chinapita ndi Feteleza

Mpaka lero ndikamva fungo la feteleza mtima umandiwawa pang'ono, ndipo wolakwa si feteleza ayi.

Zinali zaka za makuponi zija, ndikuphunzitsa pa sekondale ina cha ku Chulu. Sukulu inalandira makompyuta akale angapo, ndipo poti ku koleji ndinakhudzako kiyibodi, makiyi a chipindacho anapatsa ine. Koma komiti ya makolo inkachifunanso chipindacho kuti izisungiramo feteleza wa makuponi, popeza ndi chokhacho chinali ndi chitseko chachitsulo. Apampando, a Banda, mlimi wa fodya wosayankhula zambiri, anati abwera adzaone okha ngati ana akupindula nacho.

Intaneti tinkaipeza pa kamodemu kamodzi kobaya pa kompyuta yanga. Kuti ifike pa makompyuta ena onse, pankafunika kuuza mtima wa kompyutayo, womwe amati kenelo, kuti uzigawa zochokera pa kamodemuko. Ndinalemba lamulolo pamanja, zinatheka, ndipo tsiku limenelo ndinayenda ngati sukulu ndi yanga. Magetsi atathima n'kuyakanso, kompyuta inali itaiwala zonse.

Ndinafufuza n'kupeza fayilo imene kenelo imawerenga kompyuta ikamadzuka, n'kuikamo lamulo lija. Kuzimitsa kuti ndiyese? Ndinaopa. (Zinthu zikuyenda, uzigwiriranji?)

Tsiku la komiti makolo anadzaza chipinda, ena atachokera kuzigafa zoyanikamo fodya manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Ana anakhala pamipando, ine ndili mu tayi. Ndikungoyamba kulankhula, magetsi anaphethira. Makompyuta anadzukanso bwinobwino, koma intaneti osaoneka.

Fayilo ndinkaikhulupirira kuposa m'bale wanga, choncho ndinayamba kunamizira zina. Ndinagwedeza mawaya. Ndinanyoza netiweki. Kenako ndinakwera pampando, kamodemu ndili nako m'mwamba pafupi ndi zenera, tayi ili paphewa. Mayi wina anafunsa mnzake motsitsa ngati pamenepo phunziro layamba. (Lamulo lija ndikanangolilembanso pamanja. Nzeru imeneyi inandifikira madzulo ndikusamba.)

A Banda anadikira ndithu, chipewa chili pabondo. Kenako anaimirira.

"Aphunzitsi, tsikani mungagwe," anatero mwaulemu. "Feteleza akubwera Lachisanu."

Patapita masiku ndinamvetsa chimene chinachitika. Lamulo linali lolondola, pamalo pake penipeni, koma linkafika msanga. Kompyuta imadzuka mwadongosolo: inkawerenga fayilo ija kamodemu kasanadziwike n'komwe. Kenelo inkamva za chinthu chimene sichinafike, n'kungodumpha osadandaula. Zinali ngati kuthira feteleza wobereketsa mbewu zisanamere. Ndinakonza kuti lamulolo lizidikira kamodemu kadzuke kaye, ndipo linagwira nthawi yomweyo.

Koma pamenepo n'kuti makompyuta ataunjikidwa kale pakona mu ofesi ya ahedi. Chimene chinandipweteka si manyazi okha. Ana aja anali atangoyamba kuzolowera kugwira mbewa ya kompyuta osanjenjemera, ndipo chaka chimenecho sanaigwirenso.

Masiku ano ndikakonza chilichonse, ndimazimitsa n'kuyatsanso ndisanauze munthu. Makiyi aja ndinakapereka ndekha kwa a Banda, ndipo pa Lachisanulo ndinathandiza nawo kulowetsa matumba.