Matewe a mwana wanga

Nkhaniyi akazi anga amaifotokoza mokometsera kwambiri, ndiye bola muimve kwa ine wopalamula.

Ndinkaphunzitsa pa pulaimale ina ku Chintheche, zaka zomwe munthu sunkayenda wopanda khadi la chipani m'thumba. Kwathu ndi ku Dedza. Akazi anga, Nyamanda, ndi Atonga a komweko. Mwana wathu woyamba atayamba kuyenda, miyendo inapindika. Matewe enieni.

Ine sukulu ndinafika Fomu 4, choncho za majini, zija za kutengera makolo, ndinkazidziwa (theka lokha, lomwe ndi loopsa kuposa umbuli). Ndinasanthula mtundu wathu: wa matewe palibe. Kwa akazi anga, palibe. Koma msodzi wina wa ku Tukombo amene ankagulitsa usipa pakhomo pathu ankayenda ngati wapanira ng'oma.

Ndinakhala sabata ndikuyerekeza miyendo ya mwanayo ndi ya msodziyo. Kenako ndinaitanitsa amalume awo a Nyamanda.

"Ada aphunzitsi, mukuti mwana si wanu?" anafunsa amalumewo.

"Ndikuti magazi sanama."

Nyamanda sanalire. "Tiyeni kuchipatala. Akakati si wanu, ndinyamuka. Akakati ndi wanu, ndinyamukabe, ndikaganize bwino."

Adokotala, wachinyamata wongochoka kumene kumaphunziro, anafinya timiyendo ndi timikono ta mwanayo.

"Amasewera panja?"

"Ndinaletsa. Dzuwa la kuno limawamba munthu."

"Usipa amadya?"

"Ndinaletsa. Minga."

"Nanga amadya chiyani?"

"Phala la ufa wa chinangwa. Koma ine ndabwerera za majini, osati za ndiwo."

Ndinamenya tebulo, chithunzi cha Mtsogoleri pakhoma n'kugwedezeka. Tonse tinachiyang'ana, osapuma. Sichinagwe.

Adokotala anatsitsa mawu. "Bambo, majini ali ngati mabuku m'kabati ya kusukulu kwanu. Alipo onse, koma ena sadzitsegula okha. Dzuwa likamenya khungu, thupi limapanga vitamini D, ndipo mu nsomba alimonso. Vitaminiyu amalowa m'maselo a m'matumbo n'kutsegula majini amene amalamula thupi kuyamwa kashiamu wolimbitsa mafupa. Vitaminiyu akasowa, malamulowo amangokhala osawerengedwa, mafupa n'kufewa."

"Ndiye sanatengere munthu?"

"Matewe awa, ayi. Mwamutsekera m'nyumba nthawi yayitali."

Amalume anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. "Ndiye matewewo ndi anudi, ada. Kungoti sanadzere m'magazi."

Nyamanda anabereka mwana, nalandira mankhwala, n'kudutsa pafupi nane ngati ndine mzati. Madzulo ake anapita kwawo monga ananenera.

Ndinapitako kanayi kukapepesa, nditagwada pamchenga wotentha pamaso pa azilamu amene ankakambirana za ine m'Chitonga. Anabwerera patatha miyezi itatu, mwana atada bii, miyendo itayamba kuwongoka, usipa uli kumanja.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima wapachala unathera pomwepo. Sunathe. Kungoti masiku ano ndikayamba kukweza mawu pa nkhani imene ndinawerenga theka, Nyamanda amatsegula chitseko n'kunena kuti, "Kaotheni dzuwa, abambo ake." Ndipo ndimatuluka, ndikung'ung'udza.